Kalata Yodzala Malonje

Nditamaliza Sitandade 4 ku Zemba, ndinafuna ntchito ya umesenjala ku boma. Kalata yopemphera ntchitoyo inayenera kukhala ya m'Chingelezi. Ndinailemba monga timalankhulira ndi akulu: ndinafunsa za moyo wa bwana, za ana awo, za mvula. Tsamba linadzala ndisanatchule ntchito.

Ndinapita nayo kwa aphunzitsi anga. Anaiwerenga osaseka, ndipo sanayambe ndi mawu olakwika, ngakhale analipo ambiri.

“Mwanawe, ulemu uli nawo,” anatero. “Koma mzungu akafika pa mvulayi, kalata aiponya m'dengu. Pempha pa mzere woyamba.”

Ndinadandaula kuti chimenecho n'chipongwe. Iwo sanagonje. Anandilembetsa kanayi, pa mapepala awoawo, mpaka inatsala mizere isanu.

Ntchito ndinaipeza. Malonje onse aja ndinakawapereka kwa aphunzitsi anga, nditavala yunifolomu.