Besi Yopanda Mizere

Madzi osefukira atalowa m'tchalitchi mwathu kwa Makhuwira, gitala ya besi ya kwaya inapulumuka chifukwa tinaipachika kudenga, koma chinyontho chinaipeza. Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala, lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Thabwa la khosi la gitala linauma n'kufota, ndipo tizitsulo topingasa tija, timene woyimba amadinapo chala kuti mawu atuluke olondola, tinayamba kutukuka. Tina tinkalira ngati chitini, tina tinkandicheka. Lamulungu lina ndinamaliza nyimbo magazi akudontha pachitenje.

Ine ndinali mkazi woyamba kugwira besi mumpingo mwathu, ndipo si onse amene anakondwa nazo. Mkulu wampingo amene ankasunga zida kunyumba kwake chisefukirireni madzi aja anandilola monyinyirika. Anati, "Tikuyesani kaye, amayi. Ikangowonongeka m'manja mwanu, tibwezera anyamata." Mawu amenewo ndinkadya nawo, ndinkagona nawo.

Ndinali nditaona pafoni anthu akuzula tizitsulo tonse n'kutseka ming'aluyo ndi timatabwa toyera, kuti pakhosi patsale mizere yoonetsa poika chala. Ndinaganiza kuti ndapeza mankhwala. Nditawafotokozera akuluwo, anangondiyang'ana n'kuti, "Mwanena nokha."

Ndinapita nayo kwa kalipentala wa pamsika, bambo wachikulire wochokera ku Mozambiki, wotchuka ndi zitseko ndi mabokosi a maliro osalala ngati galasi. Anayamba kuzula ine ndili pomwepo. Kachitsulo kalikonse kakamatuluka, kankanyamula tizibenthu ta thabwa. Ndinalephera kupirira. Ndinawauza kuti atseke ming'aluyo bwinobwino, n'kuthawapo. Zoti mizere izioneka sindinanene, ndinkayesa kuti n'zodziwikiratu.

Loweruka masana ndinabwerera. Anaitulutsa ataikulunga m'chiguduli, nkhope ili mwee.

"Onani, mwananga. Pyadidi, yatuluka bwino, eti? Ndasakaniza guluu ndi utuchi wakuda wofanana ndi thabwalo, ndapala, ndapaka vanishi. Timadontho toyera timene tinali pakhosipa ndachotsanso, tinkaipitsa."

"Nanga mizere, bambo?"

"Mizere? Nkhabe, palibe! Ine pamene ndadutsa sipaoneka. Funsani aliyense pamsika pano."

Ndinaiyang'anitsitsa. Khosi lonse linali bii, lopanda ngakhale kachipsera. Kuyimba kwanga konse kunali kwa maso: ndinkayang'ana tizitsulo, chala n'kutsatira. Kalipentalayo sanalakwe kanthu, anaichitira besi ulemu umene amachitira bokosi lililonse. Ndinathokoza n'kuinyamula.

Kunyumba ndinajambula mizere ndi choko. Kuno kwathu thukuta silichedwa, ndiye nyimbo imodzi isanathe choko chonse chinali m'zala mwanga. Ndinayesa kuyimba mongoganizira, mwamuna wanga n'kusuzumira pakhomo kuona ngati ng'ombe yalowa kumpanda. Atazindikira kuti ndine, sanaseke. Munthu woseka chilichonse uja anangobwerera mwakachetechete, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri.

Lamulungu ndinalowa nayo m'tchalitchi. Malata anali atayamba kale kutentha. Nditaitulutsa besi, woyimba ng'oma anayang'ana khosi lija, n'kuyang'ana ine.

Nyimbo yoyamba inali manyazi okhaokha. Kwaya ikupita uku, ine ndikupita uko, besi ikulira ngati ng'ombe. Mkulu uja anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuchokera pampando wake wakutsogolo, ndipo ndinadziwa kuti besi ndikuigwira komaliza.

Yachiwiri inali ya Chisena, ija amayi amaiyamba pansi n'kumakoka mawu mpaka pamwamba osadumpha. Ndinatseka maso, osati mwanzeru ayi, koma kuti ndisaonenso nkhope ya akuluwo. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wa mawu aakulu, wogulitsa nsomba zouma. Ndinakakamira mawu akewo ngati mwana pachitenje cha mayi ake mumsika. Iye akakwera, chala changa chinkatsetsereka kumutsatira mpaka mawu athu atagwirana. Besi inakoka mawu mmene amayiwo amakokera, zimene siinkatha kuchita ili ndi tizitsulo. Ndinamva wina akululutira. Nyimbo yachitatu ndinasocheranso, koma osati kwambiri.

Titaweruka, mkulu uja anandikodola. Masiku onse ankatenga besi pakhomo pomwepo n'kupita nayo kwawo. Ndinagwada n'kuipereka ndi manja awiri. Anayendetsa chala pakhosi posalalapo, anaitembenuza, anafunafuna timadontho tija. Kenako anaitana mmodzi mwa anyamata amene ankaiyembekezera.

"Iwe, ungaiyimbe iyi?"

Mnyamatayo anaiyang'ana n'kupukusa mutu. Mnzake anali atazemba kale.

Akuluwo anapuma mozama. "Amayi, chimene mwachipangachi palibenso wina angachigwire mumpingo muno. Pitani nacho kwanu, muzikaphunzira tsiku lililonse. Ng'ombe ija tisadzaimvenso m'tchalitchi."

Ndinayenda mpaka kunyumba besi ili kumsana, dzuwa lili paliwombo. Nditafika pamthunzi wa mtengo wa nimu pakhomo pathu, ndinaitula. Ndinakhala pansi, nditaikumbatira, n'kulira.