Chitenje cha aKalaliki

Kompyuta ija inalowa m'nyumba mwathu ku Sinza, mumzinda wa Dar es Salaam, Loweruka lina la mu Okutobala, cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa likadali kuwotcha malata. Mpaka lero, maganizo akandifikitsa kwa agogo anga aNangozo, chimene chimayamba kundipeza ndi fungo la fumbi lotentha lotuluka kuseri kwa bokosi la kompyutayo, losakanikirana ndi fodya wawo wam'mphuno ndi sopo wa mtanda amene ankachapira zitenje zawo.

Bambo anga ankayendetsa malole pakati pa Dar es Salaam ndi Malawi, ndipo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Amayi ndi a konkuno ku Tanzania, kwawo ku Morogoro, ndipo Chichewa chawo chinkathera pa moni. Kompyutayo bambo anaigula kwa bwana wina wa ku Malawi amene ankagulitsa katundu pobwerera kwawo, ntchito yake itatha kuno. Inali yakale ndithu, yoyera koma itayamba chikasu ngati mano a munthu wosuta. Amayi anali ataphunzirapo kutaipa, choncho anaiika pabalaza pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu, n'kuyamba kulembera anthu makadi a ukwati.

Agogo anali atabwera miyezi ingapo m'mbuyomo kuchokera ku Ntcheu, agogo aamuna atamwalira. Bambo anati asamakhale okha kumudzi. Koma munthu amene moyo wake wonse ankadzuka kusanache khasu lili paphewa, ku Sinza analibe chogwira. Munda kunalibe, madzi ankabwera ndi anyamata a ngolo m'zigubu, ndipo kukhitchini zonse zinali zachilendo. Tsiku lina amayi anawapempha kuti awapatsire mbuzi, kutanthauza kampando kamano kopalira kokonati. Agogo anatuluka, anazungulira nyumba yonse, kenako anabwera kwa ine.

"Amunanga, auzeni amayi anu kuti mbuzi yawo yadula chingwe."

Amayi atawaonetsa kampando kaja, agogo anaseka mpaka misozi, amayinso anaseka. Ankakondana anthu awiri aja, koma mawu awo onse ankadzera mwa ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wobadwira ku Dar, ndipo Chichewa ndinkachimva kuposa mmene ndinkachilankhulira. Liwu likandisowa, ndinkangotola la Chiswahili n'kuliveka malaya a Chichewa. Kawirikawiri zinkayenda. Nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, nyama ndi nyama.

Ntchito imene agogo ankaisowa anaipeza pa kompyuta. Anaipatsa dzina loti aKalaliki, chifukwa ankati imakhala patebulo tsiku lonse osatuluka thukuta. M'mawa uliwonse, amayi asanayambe kutaipa, ankaipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, batani lililonse palokha, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Fumbi la ku Sinza silichita manyazi, minibasi iliyonse yodutsa, imene kuno timati daladala, inkatiponyera lake pawindo. Ndiye agogo anatulutsa m'sutikesi chitenje chawo chabwino koposa, chobiriwira cha maluwa achikasu, n'kumafunditsa bokosi lija linali pansi pa tebulo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kaya kompyuta yazima kaya ikuyaka.

"Chinthu chodula sichikhala chamaliseche pamaso pa anthu," ankatero.

Amayi ankangomwetulira. Ankaona kuti apongozi awo apeza chowadzutsa m'mawa.

Kutentha kwa Disembala kutafika, aKalaliki anayamba kukomoka. M'mawa ankadzuka bwinobwino. Dzuwa likafika pamutu, zilembo zinkangouma pagalasi, amayi n'kumadina mabatani osayankhidwa, kenako galasi lonse n'kusanduka labuluu kapena kuzimiratu. Ukayatsanso, bokosi linkalira kamodzi, n'kung'ung'udza, n'kungokhala chete. Amayi anayamba ndi kukayikira magetsi, poti masiku amenewo mababu ankachita kuphethira, ndipo anabwereka sitabilaiza kwa aneba. Sizinathandize. Anazula mawaya onse n'kuwabwezera limodzilimodzi. Mnyamata wina wa kukoleji anati ndi vairasi yobwera ndi madisiketi a makasitomala, anafufuta zonse n'kuikamo mwatsopano, anadya mpunga wathu masana awiri, koma mawa lake aKalaliki anakomokanso. Makadi a ukwati wina anatayika atatsala pang'ono kutha, ndipo mayi wa mkwatibwi anaima pakhomo pathu n'kulankhula mawu amene sindinawamasulire agogo.

Agogo nawo ankada nkhawa. Anaika dzanja pabokosi lija, anamva kutentha ndi kunjenjemera kwake.

"Awa ndi malungo," anatero. "Wamalungo amafunditsidwa."

Kuyambira tsiku limenelo ankapinda chitenje pawiri.

Potsiriza amayi anaitana mmisiri wa ku Kijitonyama, amene kuno timati fundi, bambo wachikulire wonyamula zida zake m'jumbo. Anafika masana, kompyuta itangozima kumene. Anavundukula chitenje, anagwira bokosi n'kuchotsa dzanja msanga. Atamasula mbali imodzi, tonse tinasuzumira. Kafani kam'kati kanali katamatidwa ndi fumbi ndi ulusi wobiriwira, moti kankalephera kuzungulira. Anakapukuta ndi kaburashi, anauzira, anadonthezera mafuta pang'ono, kenako anaonetsa amayi timabowo ta kumbuyo. Anati makinawa amapumira pamenepo, ndipo akatsekedwa amatentha n'kudzizimitsa okha kuti asapse. Atadina batani, aKalaliki anadzuka ngati sanadwalepo.

Amayi anawomba m'manja. Anatembenukira kwa ine, nkhope ili yowala.

"Mwambie bibi asifunike tena, basi."

M'Chiswahili, kufunika ndi kuphimba kapena kufunditsa. Amayi ankangoti ndiwauze agogo kuti asamaifunditsenso. Ine liwu loti kufunditsa silinali pakamwa panga. Ndinachita monga ndinkachitira masiku onse.

"Agogo, amayi akuti inu simufunikanso."

Agogo anali ataima pakhomo la kuchipinda, kansalu kawo kopukutira kali m'manja.

"Akuti chiyani, amunanga?"

"Akuti simufunikanso. Afundi atero, amayinso atero."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira lero."

Anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu akumwetulira, n'kunena kuti, "Ndiyo, mama." Kenako anatola chitenje chija, anachikung'untha, anachipinda bwinobwino n'kuwapatsa m'manja ndi manja awiri.

"Zikomo, ndamva," anatero agogo, ndipo analowa kuchipinda.

Kompyuta inachira, ndipo ife tinali osangalala moti sitinaone zambiri. Agogo anasiya kulowa pabalaza. Ankakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zigubu za madzi, akununkhiza fodya wawo. Chakudya ankadya pang'ono n'kutsuka okha mbale yawo. Amayi anaganiza kuti ndi kutentha, anawagulira kokonati wamadzi, agogo analandira mwaulemu ngati mlendo. Ine ankandiitanabe kuti amunanga, koma anasiya kundituma mawu kwa amayi.

Bambo atabwera, agogo anawauza kuti akufuna kubwerera kumudzi. Bambo anakana. Anati mvula yayamba kale, munda alima ena, akakachita chiyani?

"Wina wakulakwirani, amayi?"

"Palibe. Mpongozi wanga wandisunga bwino. Koma kumudzi ndiye ndikufunika."

Ndinali pomwepo, ndipo mawuwo ndinawamva. Ndinangoganiza kuti kumudziko kuli zinthu zawo zoti akaphimbe mvula isanaziwononge.

Anakwera lole ya bambo mbandakucha ku Ubungo, atakhala kutsogolo, sutikesi ili pamiyendo. Anandigwira mutu n'kundiuza kuti ndizilimbikira sukulu. Titabwerera kunyumba, tinapeza chitenje chija chili chopinda pampando wa kompyuta. Amayi anati apongozi achisiya dala chifukwa abweranso akakolola, ndipo anachiika m'kabati.

Sanabwerenso. Anamwalira patapita zaka ziwiri. Kumaliro ine sindinapite chifukwa cha mayeso, koma amayi anapita, ndipo anabwerako ali odabwa. Akuchimuna anawapatsa moni wa kumapeto kwa milomo, palibe amene anakhala nawo pamphasa imodzi. Amayi anafunsa bambo chimene analakwa, bambo sanadziwe. Kuyambira pamenepo amayi sanapondenso ku Malawi. Ine bambo anadzanditumiza kusekondale ku Dedza, kumene Chichewa changa chinawongoka. Ndinalemba zimangirizo za kufunika kwa mitengo, kufunika kwa ukhondo, osakumbukira n'komwe masana aja a ku Sinza. Bambo nawo anamwalira osadziwa kanthu.

Mwezi wathawu, azakhali anga aEsinati, mlongo wawo wa bambo, anabwera ku Dar ndi anzawo a geni kudzagula nsalu, ndipo anafikira kwanga ku Ubungo. Kunyumba kwa amayi ku Sinza anati alibe nthawi yopitako. Sindinakakamize, poti ndinazolowera.

Ndili ndi kompyuta yakale imene ana amalembera za kusukulu, ndipo masiku amenewo inkangozima yokha. Madzulo ena ndikuiyang'ana, ndinapeza mwana wanga Tadala atayala nsalu imene kuno timati kanga pamwamba pake n'kusanjikapo mabuku. Ana anga Chichewa amachimva monga ndinkachimvera ine, choncho ndinalankhula Chiswahili.

"Tada, usifunike tena hii. Inazima kwa joto."

Azakhali anaika kapu ya tiyi pansi.

"Iwe Limbani, mawu amenewa sanathebe m'banja muno? Mpaka mwana wako yemwe ukumuuza kuti safunika?"

Ndinaseka. Ndinawafotokozera kuti m'Chiswahili kufunika ndi kuphimba, ndipo ndikungomuletsa kufunditsa kompyuta chifukwa ikutentha. Azakhali sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Amayi anga anafika ku Ntcheu ataonda," anatero pang'onopang'ono. "Anandiuza ine ndekha kuti mpongozi wawo anawauza pamaso pa mlendo kuti safunikanso, n'kuwapatsa chitenje chawo m'manja, akumwetulira. Anati anatuma mwana kuti anene. Anandilumbiritsa kuti achimwene asamve, banja lingathe. Ine ndinauza akulu anga basi."

Pamenepo zonse zinabwerera: fundi ndi jumbo lake, ulusi wobiriwira pa kafani, agogo ataima pakhomo ndi kansalu m'manja. Ndinamva mawu anga aubwana akuti kuyambira lero. Tadala anafunsa ngati wandilakwira. Ndinamuuza kuti ayi, achotse mabukuwo basi.

"Mwana amene anatumidwayo ndine, azakhali," ndinatero. "Amayi anati asamafunditse kompyuta. Zinazo ndinanena ndine, osadziwa chimene ndikunena."

Azakhali anaphimba nkhope ndi mpango wawo. Atauchotsa anati, "Ndiye mayi ako aja takhala tikuwazonda zaka zonsezi chifukwa cha bokosi?"

Ndinkaganiza za agogo. Amayi ali moyo ndipo akhoza kumva. Agogo anapita ndi mawu aja mpaka kumanda, ndipo masiku onse amene anakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, ine ndinkadutsa pomwepo popita kukasewera mpira. Akanandifunsa kachitatu, kapena ine ndikanaloza bokosi lija ndi chala ponena, bwenzi titaseka monga tinasekera za mbuzi. Koma iwo sanali munthu wofunsafunsa ngati akufunidwa pakhomo pa eni.

M'mawa mwake sindinapite kuntchito. Ndinakwera daladala ya ku Sinza pamodzi ndi azakhali. Tinapeza amayi akusesa pakhonde, ndipo ataona mlamu wawo anaima, tsache lili m'manja. Ndinawapempha kuti atulutse chitenje cha agogo. Sanafunse chifukwa. Analowa n'kubwera nacho chili chopinda monga anachisiyira mwini wake, chikununkha kabati.

"Nilijua atarudi kuichukua," anatero amayi, akuchisisita.

Azakhali anandiyang'ana kuti ndimasulire.

"Akuti ankadziwa kuti agogo adzabweranso kudzachitenga."

Ndinakoka mpando, ndinakhala pakati pa awiriwo, ndipo ndinayamba kumasulira nkhani yonse kuyambira pa fundi uja, liwu limodzi, kenako linzake, ndikufunsa aliyense ngati wamva ndisanapitirire.