Chiuno cha Dziko Lapansi

Stamenka anasoka zovala m'tauni ya Kruševac zaka makumi atatu, ndipo panalibe mkazi m'deralo amene akanamunamiza za kukula kwa chiuno chake. Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake, ngakhale kutchalitchi.

M'chaka cha 1979 kunabwera kalata yochokera ku Chicago. Mwana wake mmodzi yekhayo, Biljana, anali woyembekezera ndipo ankafuna mayi ake pafupi tsiku lochira. Vuto linali miyendo. Mitsempha ya Stamenka inali itatupa chifukwa chopalasa makina, ndipo dokotala ananena mosapita m'mbali kuti asakhale m'ndege maola opitirira khumi ndi awiri.

Mwamuna wake Vukašin, kalaliki wopuma wa kusiteshoni ya sitima, anaonetsa nkhope yachisoni koma mumtima ankavina. Munthuyu sankatha ngakhale kuwiritsa dzira. Anayala mapu patebulo, nagoneka rula kuchokera ku Belgrade mpaka ku Chicago, nawerengetsera ndi pensulo.

"Makilomita 12,000, mayi. Maola khumi ndi asanu. Simupita. Manambala sanama."

Stamenka anamanga mpango, n'kupita kusukulu yapafupi, n'kubwerako atafungatira mpira wa dziko lapansi umene amaphunzitsira ana. Anaukhazika pamwamba pa mapuwo mpaka khofi amene anali patebulopo anatayika.

"Bambo a Biljana, munandionapo ine ndikuyeza munthu nditamuyala patebulo ngati chikopa? Chozungulira amachiyeza chili chozungulira."

Anazunguliza tepi pakati pa mpirawo: masentimita 100.

"Ichi ndi chiuno cha dziko. Aphunzitsi akuti n'makilomita 40,000. Lembani."

Kenako anapanikiza tepi ndi chala pa Belgrade, n'kuikokera ku Chicago. Tepiyo sinatsate njira ya rula ija. Inadzera kumpoto, kumayiko a chisanu, kumene mpira umachepa. Masentimita 20.

"Werengetsanitu, akalaliki."

Vukašin ananyambita pensulo, nabwereza kawiri konse. Ankangopeza 8,000, maola khumi ndi kanthu.

"Mpirawu ndi choseweretsa cha ana," anang'ung'udza.

"Ndiye ndegeyo imauluka papepala lanulo?"

Bamboyo anapukuta khofi uja ndi mkono wa malaya. Kenako anafunsa chapansipansi: "Nanga ine nditsala ndi ndani?"

Apa ndiye panagona nkhani. Chisoni chinamugwira Stamenka, pakuti nkhalamba yakeyi ankaikonda ndithu. Koma mwana wake sakanachira yekha kudziko la eni chifukwa cha mwamuna woopa poto. Masabata atatu otsatirawo anamuimika pachitofu mpaka nyemba zinasiya kupserera.

Tsiku la ulendo, asanatuluke m'nyumba, Stamenka anavula tepi ija m'khosi. Anatenga sizasi, n'kuidula pa 20 penipeni, n'kulowetsa kachidutswako m'thumba la jekete ya mwamuna wake.

"Mukandisowa muzikatulutsa aka. Kumene ndikupitako n'pafupi chonchi basi."

Vukašin, munthu wa manambala, sanatsutse.