Kutsigiro kwa boti la amalume

Ndikukumbukira fungo la petulo ndi mamba a nsomba m'malaya a amalume anga, ba Laston. Ankayendetsa kaboti ka injini pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi, kunyamula azungu okawedza. Ife ana a m'komboni ya Malota tinkadziwa minibasi ndi njinga basi, ndipo zonsezo woyendetsa amakhala kutsogolo. Choncho atandiuza kuti iwo amakhala kumbuyo kwenikweni, mutu unandizungulira. Munthu angatsogolere bwanji chinthu ali kumchira kwake?

Malowo ankawatchula kuti kutsigiro, mawu omwe anatola kwa agogo ochokera ku Malawi. Anzawo achilozi ankawaseka nawo, koma ine mawuwo anandilowa mpaka kundisowetsa mtendere.

Amayi madzi ankawaopa ngati moto. Ndinawachonderera mpaka anatopa nane, n'kuvomera kamodzi kokha. Anati ndikabwera ndi dontho ngakhale limodzi pa kabudula, mtsinjewo ndiuiwale.

Tinapita Loweruka m'mawa. Sindinasamale za mvuu zomwe zinkapemerera patali, maso anali kutsigiro. Kunali kathabwa kokhalapo, kosalala chifukwa cha matako a amalume, chigubu cha mafuta, ndi injini yopachikidwa pakhoma lathyathyathya. Kuchokera pa injiniyo kunatuluka mkono wakuda wokhotetsera boti, ndipo pansi madzi ankawira ngati mumphika. Ndinafunsa dzina la chilichonse mpaka amalume anati ndili ndi pakamwa ngati wailesi.

Pobwerera, chingwe chakutsogolo chinalendewera m'madzi. Anachepetsa injini, n'kundikhazika pathabwa kuti iwo akachikoke. Mkono uja unkanjenjemera m'dzanja langa. Ndinasangalala zedi.

Atafika kutsogolo anaona bango likuyandikira kumanja, ndipo anandiuza kuti ndikhotere kumanzere. Ndinakankhira mkonowo kumanzere, monga mmene ndinkachitira ndi njinga. Boti linakhotera kumanja. Ndinakankha mwamphamvu, nalo linachita makani.

"Iwe, si njinga iyi! Ukafuna left, ufaka ku right!"

Mawuwo anafika mochedwa. Tinalowa m'bango, ine n'kugwera m'matope ofika m'mawondo, achule akubalalika. Amalume anaseka mpaka misozi, koma atayang'ana kabudula wanga anasiya.

"Ba sisi bazatipaya," anatero motsitsa mawu.

Amayi sanatiphe, sanakalipenso. Anangochapa kabudulayo, koma mawu awo aja oti mtsinjewo ndiuiwale sanawabweze. Amalume ankandilonjeza kuti ndikakula adzandiphunzitsa bwinobwino, koma anamwalira ndisanamalize pulayimale.

Masiku ano maboti a alendo ndi aakulu, ena osanjikiza, ndipo woyendetsa amagwira chiwongolero chozungulira ngati cha galimoto. Ukapotoza kumanzere, limapita kumanzere, mwana aliyense angathe. Chaka chatha ndinakwera limodzi mwa mabotiwa. Anzanga akuthamangira kutsogolo ndi mafoni, ine ndinalunjika kumbuyo. Ndinapezako makireti a zakumwa ndi chitseko cha chimbudzi. Ndinaima pomwepo ulendo wonse, dzanja likuyabwa, poti tsopano mbali yokankhira ndimaidziwa, koma chokankha panalibe.