Bondo Langa Lakumanzere

Anandilanda bondo lakumanzere ndili ndi zaka khumi ndi zisanu.

Lero m'minibasi ya ku Mzuzu, momwe ndine kondakitala, munakwera mayi wina atapaka mankhwala otikitira minofu. Fungo lake linandibwezera ku akademi yathu ya mpira.

Bondo linali litatupa ngati papaya, atandiponda pokonzekera masewero. Loweruka lake kunkabwera akuluakulu a timu ina ya ku Blantyre kudzasankha osewera. A kochi anandikhazika pabenchi n'kutsegula kabotolo.

"Awa sindipaka aliyense, mwana wangu. Ndi a akatswiri okha."

Mankhwalawo ankawotcha ngati tsabola. Ndinaluma kolala ya jezi, koma mumtima ndikunyada. Ndinkayesa kutenthako ndiye kuchira.

"Nanga kuchipatala, a kochi?"

"Kumeneko akakuika chikhakha, alendo n'kupita. Ukufuna kukalamba ukukoka ukonde wa chilimira kunyanja?"

Ndinasewera. Ndinapatsira mipira iwiri Chimango, mwana wa mlongo wawo wa a kochi, ndipo yonse anagoletsa. Kenako m'bondo munalira kuti thyo, ngati nzimbe. Alendo anatenga Chimango. Ine anzanga anandibereka mpaka kwathu ku Chikale. Mayeso a Fomu 2 anandipeza ndili pamphasa, ndipo kusukulu sindinabwererenso.

Alendowo sanabwerere ine. Ntchito yanga inali yowalitsa Chimango basi.

Masiku ano a kochi akakwera minibasi yathu amati, "Yewo, katswiri!" Ndimawalipiritsa ngati wina aliyense. Ngongole yawo ndi ina: bondo limodzi.