Mabulosi a Maso a Abambo

Kuseri kwa nyumba yathu ku Zengeza, kufupi ndi Harare, kunali mtengo wa mabulosi. Amayi ndiwo anaubzala, kanthambi kake anachita kubwera nako kuchokera ku famu kumene ndinabadwira. Ine mtengowo ndinkaukonda koopsa. Nyengo yotentha ikafika ndinkapita kusukulu milomo ili bii, aphunzitsi n'kumandifunsa ngati ndamwa inki.

Abambo anali telala, ankasokera pakhonde, ndipo iwo ndi mtengowo sankamwerana madzi. Mbalame zikakhuta mabulosi zinkadzadzithandizira pansalu zoyanika. Tsiku lina zinathimbiriritsa diresi loyera la mkwatibwi. Abambo anangokabwereka nkhwangwa kwa aneba.

"Loweruka ukugwa umenewu," anatero.

Ndinalira mpaka maso kutupa.

Lachisanu kunatulukira azakhali, mlongo wa abambo, amene ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Harare. Anapeza abambo akulimbana ndi singano, ulusi ukungophonya bowo.

"Iii achimwene, maso atha awa! Adona anga amadya tizipatso tina ta m'chitini tochokera kunja, akuti timalimbitsa maso. Akuti ngakhale oyendetsa ndege ankadya timeneti pankhondo. Dzina lake mabulu... mabulu chani kaya."

"Mabulosi!" anatero amayi msangamsanga.

"Eya, ngati omwewo."

Basi, nkhwangwa inangotsamira pakhoma. Kuyambira pamenepo amayi anauyamba: mabulosi m'phala la m'mawa, jamu wa mabulosi pabuledi, ena ofinya n'kuthira shuga. Abambo ankadya kapu yathunthu asanakhale pamakina, ndipo anayamba kuyanika nsalu m'nyumba. Ndinasangalala zedi chaka chimenecho. Maso aja sanasinthe, chilungamo chake, mpaka amayi anawakokera kukiliniki komwe anakapeza magalasi. Koma abambo ankauza aliyense kuti magalasiwo akungothandizira mabulosi.

Ndiye pa Khirisimasi azakhali anabwera ndi chitini chija, chopanda kanthu, kuti amayi azisungiramo mchere. Chinali ndi chithunzi cha tizipatso tozungulira, tosalala, tonga mikanda. Ine mwana wasukulu, wokonda kuonetsa Chingerezi, ndinachilanda n'kuwerenga mokweza.

"Maiwe! Awa si mabulosi ayi, ndi mabuluberi! Hazvina kufanana, n'zosiyana kutalitali!"

Pakamwa panga ine! Amayi anandiyang'ana diso limene mpaka lero ndimalikumbukira. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti nkhwangwa ija sinabwezedwe kwa aneba.

"Tabweretsa kuno, iwe," anatero abambo.

Anavala magalasi awo atsopano, n'kuchitembenuza chitinicho uku ndi uku. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasuzumira kuseri kumene kunali mtengo, n'kuyang'ana amayi, amene anali atayamba kupukuta mbale youma kale.

"Mayi ake mwana," anatero, "azunguwa ndawamvera chisoni. Taonani, awo ndi kanjere kamodzikamodzi. Athuwa n'ngounjikana, tinjere khumi pa limodzi. Nanga amphamvu ndi ati?"

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Abambo anakana kuti m'chitinimo mulowe mchere, anathiramo mabatani awo n'kuchiika pambali pa makina. Atatero anandikodola.

"Iwe wodziwa Chingerezi, tenga nkhwangwayo ukabweze kwa eni ake. Yakhalitsa."