Maluwa a Atate ku Kanyama

Atate anabwera nayo nthambiyo itakulungidwa m'pepala la simenti, kuchokera ku Industrial kumene ankagwira ntchito yonyamula matumba. Dzina la mtengowo sankalidziwa. Anangouona pageti pa bwana wawo, maluwa ake oyera, achikasu pakati, onunkhira ngati sopo wodula, basi n'kupempha nthambi.

Nthaka ya kwathu ku Kanyama ndi mwala wokhawokha. Anaswa ndi piki mpaka manja kutuluka matuza, n'kuthiramo dothi lakuda. Kuyambira pamenepo chigubu choyamba chimene ndinkatunga pampopi chinali cha mtengo. Ife tinkasamba madzi otsala.

Chaka chimene unayamba kuchita maluwa ndinali m'kwaya ya atsikana kutchalitchi. Loweruka lina amayi anandiluka tsitsi, ine n'kutola maluwa amene anagwa pansi n'kusomeka m'malukomo. Ndikutuluka kupita kokaphunzira nyimbo, ndinakumana ndi atate pakhomo.

"Wavitenga kuti ivi?"

"Vinagwa veka, batate."

"Manje vikagwa ni vako?"

Anandikhazika panjerwa pansi pa mtengowo, naitana amayi kuti abwere ndi lezala.

"Imwe, ni mwana chabe," anatero amayi.

"Mumumete imwe, olo nimumete neka."

Amayi ankalidziwa dzanja la atate. Anagwada, nayamba kumasula zimene analuka m'mawa womwewo. Ankameta pang'onopang'ono kuti asandicheke, mpweya wawo ukundiwomba pakhosi. Ana a m'nyumba zoyandikana anadzazana pampanda. Wina anaseka, anzake n'kulandira. Atate sanakalipe ngakhale pang'ono. Anatenga tsache, nasesa tsitsi langa lonse, nalikwirira patsinde pa mtengo.

"Ni manyowa," anauza ana aja, iwo n'kusekanso.

Kukwaya sindinapite, ndipo sindinabwererekonso. Anzanga atandiona anafunsa kuti wamwalira ndani kwathu.

M'mawa mwake atate anathyola okha maluwa odzaza mbale, napita nawo kutchalitchi. Anawaika patebulo lakutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nditamanga duku la amayi limene linkangotsetsereka pampala. Abusa ananyamula mbale ija, nainunkhiza, nati bambo uyu wationetsa kuti ngakhale pamwala munthu wachikondi amameretsa zokongola. Anawauza atate kuti aimirire. Mpingo wonse unawomba m'manja. Ndinayang'ana kumbali ya azimayi, ndipo amayi nawonso ankawomba.